Mipeni Itatu Yopinda ndi Chingwe cha Mvuu

Njala ya chaka cha 1922 inalowa m'dziko la mfumu Maseya osaodira. Mvula inakana, mapira anapsa asanabereke, Shire anaphwa mpaka mvuu zomwe zinasamuka kutsikira ku dambo lalikulu la kufupi ndi Chiromo. Anthu anayamba kusinthanitsa zitsulo ndi chakudya kwa amalonda otsika kumapiri. Anapita makasu, zinapita nkhwangwa, inapitanso mipeni ya m'chimake imene alenje ankamangirira pamkono. Pofika nyengo ya dzuwa lowamba, m'mudzi mwa Geresomo munangotsala mikondo iwiri yobayira mvuu ndi mipeni itatu yopinda. Mipeniyo eni ake anaibisa ngakhale kwa akazi awo, poti ndiyo ankadzitamira nayo pabwalo.

Wa Geresomo unali wa ku Jeremani. Anabwera nawo kuchokera ku nkhondo, kumene anali mtengatenga, ndipo anautola m'thumba la msilikali wakufa. Unali wa chitsulo chakuda, kumsana kwake kuli kachitsulo kolimba kougwira, moti ukatseguka unkalira kuti kha! nkhuku n'kudzidzimuka. Wa Elisha, amene kale ankasenzera nkhuni sitima zapamadzi, unali wa ku Mangalande, wogula kwa Mmwenye ku Chiromo, chogwirira chake cha fupa loyera, wonyezimira kuti munthu n'kudziwonerapo mano. Wachitatu unali wa Lorenso, Msena amene anathawa nkhondo ya mfumu Makombe ndi Apwitikizi n'kudzakwatira Otilia, mlongo wake wa Geresomo. Umenewu unasulidwa ku Kilimane, ndipo kunena zoona unali wochititsa manyazi. Chogwirira chake chinali nyanga ya mbuzi, kachitsulo ka kumsana kaja unalibe, unkangogwedera pa msomali wake.

Mkaka wa Otilia utayamba kuuma, mwana wake Dorika n'kumalira mopanda mawu, Lorenso ananena kuti basi, akutsata mvuu kudambo. Makolo ake anali obaya mvuu pa Zambezi ndipo ntchitoyo ankaidziwa. Geresomo ndi Elisha anavomera kumupalasira.

Kwawo kwa Lorenso kunali mwambo umene iye sankaudumpha. Mkondo wa mvuu umakhala ndi chingwe chachitali chomangirira kumutu kwa bwato, ndipo chingwe chimenecho chikakola wobaya, iye sangadzidulire. Choncho wobaya amapereka mpeni wake kwa munthu wokhala kumbuyo kwake, mkazi wake akuwona, ndipo kuyambira pamenepo moyo wake uli ndi munthu ameneyo. Padoko m'mawa umenewo Otilia anadontheza mafuta a nsatsi pa msomali wa mpeni wa ku Kilimane, naupereka kwa mwamuna wake, mwamuna wakeyo naupereka kwa Geresomo.

"Achimwene," anatero Otilia, "nyama mubwere nayo, koma mubwerenso ndi iyeyu. Ndamuika m'manja mwanu."

"Ukundiyesa mwana kodi?" Geresomo anaseka. "Ndinapulumuka mizinga ine, mvuu n'chiyaninso?"

Anapalasa kutsika ndi mtsinje. Madzi anali ochepa, mchenga uli mbee mbali zonse, ndipo malo ena ankatsika n'kumakoka bwato, maso ali pa ng'ona zimene zinkawothera dzuwa kukamwa kuli yasa. Kamba wawo anali kathumba ka gaga ndi malambe ochepa. M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje simunkamveka mtondo, agalu omwe anali atasiya kuuwa.

Dzuwa litafika paliwombo anakocheza pa mchenga wina kuti apume pansi pa mtengo wa mtondo umene unagwera m'madzi. Amuna anjala akasowa chotafuna amatafuna mkangano, ndipo Elisha ndiye anauyamba.

"Azungu a ku Mangalande ndiwo anapambana nkhondo," anatero akupukuta mpeni wake pa nsalu. "Ndiye chitsulo chawo chingagonje bwanji kwa cha Jeremani?"

"Nkhondo anapambana ndi misana yathu," anayankha Geresomo. "Bweretsa kuno tiyese."

Anayamba ndi kumeta cheya cha pamkono. Apo wa ku Mangalande unapambana, unameta kuti see, Elisha n'kuvina atakhala pansi. Anayesa kusema nthambi youma ya mtondo uja. Wa ku Jeremani unalowa ngati ukusenda chinangwa, wa ku Mangalande unaterereka, wa ku Kilimane unangokanda. Kenaka Geresomo anati aimenyanitse kukamwa ndi kukamwa. Wake unaluma wa Elisha kabala kakang'ono. Atatulutsa wa Lorenso m'chiuno mwake n'kuumenyanitsa ndi wake, wa ku Kilimane unatsala ndi chigweru chachikulu pakati penipeni.

Kunatsala muyeso umene amuna a m'mudzi mwawo ankaulemekeza kuposa yonse, wa kulira. Kwa iwo mpeni wopinda wamphamvu unkadziwika ndi mawu ake potseguka. Wa Elisha unati tche, mwaulemu. Wa Geresomo unati kha! mpaka mbalame zinauluka m'bango.

"Nanga wanuwu, alamu, uli ndi chimfine?" anafunsa Geresomo.

"Nkhabe," anatero Lorenso mwa Chisena chake, akupukusa mutu. "Kwathu ku Zambezi mpeni sitiupempha kuti uyimbe."

"Mumaupempha chiyani?"

"Kuti ubwere ukaitanidwa." Anautenga n'kungogwedeza dzanja kamodzi, mpeni uja n'kutseguka wokha mwakachetechete.

"Ameneyu amabwera ngakhale sanaitanidwe," anatero Geresomo. "Tsiku lina adzakutsegukirani m'chiuno, adzakuduleni zimene mlongo wanga amakukonderani."

Anaseka onse atatu, Lorenso yemwe, ndipo iye anabweza mpeniwo kwa mlamu wake.

M'mawa mwake, akukoka bwato pa malo ena osaya pakati pa bango, anawatulukira amuna anayi. Anali othawa usipayi, usilikali wa kwa Apwitikizi, nsanza za yunifolomu zili lendelende, nthiti zikuwerengeka, mmodzi ali ndi chikwanje, enawo zibonga. Sanapereke moni. Wa chikwanje analunjika kwa Lorenso amene anali kumutu kwa bwato, mnzake n'kulumphira kathumba ka gaga.

Lorenso anatchinga chikwanje ndi nkhafi, nkhafiyo n'kudukira pakati, ndipo chotsalacho anamukantha nacho munthuyo pakamwa mano n'kumwazikira m'madzi. Elisha anatsegula mpeni wake wokongola uja nabaya amene anamuyandikira. Nsonga inagunda chitsulo cha lamba, mpeni unapindikira pa zala za mwini wake, ndipo zala ziwiri zinatsala zikulendewera ndi khungu lokha. Anakuwa, chibonga n'kumupeza paphewa, nagwa chagada m'madzi.

Geresomo anali ndi manja onse awiri omasuka. Anagwira mpeni wake ndi lamanzere, nalowetsa chikhadabo cha chala chachikulu mu kamzera kotsegulira, kha! Amene ankafuna kumaliza Elisha anatembenuka mochedwa. Mpeni unalowa pansi pa nthiti mpaka m'chogwirira, Geresomo naukokera m'mwamba monga anawonera kunkhondo, munthu uja n'kugwada atafumbata matumbo ake. Madzi anafiira kuzungulira maondo awo. Enawo atawona zimenezo anathawira m'bango, kathumba ka gaga ali nako. Asanakankhe n'komwe bwato, ng'ona inali itayamba kale kuyandikira mtembo.

Zala ziwiri zija Geresomo anazimaliza ndi mpeni womwewo, Elisha ataluma chidutswa cha nkhafi, ndipo anamanga dzanjalo ndi nsalu. Wa ku Mangalande Elisha anauponya pakati pa mtsinje akuutukwana pamodzi ndi Mmwenye amene anamugulitsa.

"Mwawona tsono, alamu?" anatero Geresomo akutsuka mpeni wake. Mtima unali utafufuma. "Chikhala kuti tinadalira kanyanga kanu kambuzi kaja, bwenzi tonse tili m'mimba mwa ng'ona."

"Takhuta, alamu, mwatipulumutsa," anathokoza Lorenso mwa Chisena. "Koma paja munali kunja kwa bwato. M'bwato dzanja lanu limodzi limakhala litagwira ine. Mpeni umangotsala ndi linalo."

Geresomo anagwedeza mutu ngati wamva.

Anafika kudambo opanda chakudya chilichonse. Dambolo linali dziko la madzi ndi gumbwa, timifuleni tokhotakhota, udzudzu wake wosadikira kuti kude. Choti adye chinali nyika yokha, timizu ta maluwa a m'madzi timene amphawi amafukula m'matope pa njala. Elisha ndi dzanja lake sakanatha, ndipo wobaya salemetsa mkono tsiku la mvuu lisanafike, choncho ntchitoyo inagwera Geresomo. Ankamira, n'kukumba matope ndi zala, n'kutulukira kudzapuma, Lorenso ataima m'bwato ndi mkondo kulondera ng'ona. Anatero m'mawa wonse, nateronso tsiku lotsatira. Khungu la m'manja linachita makwinya, zikhadabo zinayera n'kufewa ngati khoko la nthochi yakupsa, koma iye sanazilabadire chifukwa m'mimba munali mutalowako kanthu.

Mvuu anaipeza chakumasana, yamphongo, yokhayokha pa thawale lalikulu, msana wake uli ndi zipsera za nkhondo ndi zinzake. Lorenso anakonza chingwe cha khungwa la mlambe, chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, nachizengeza bwinobwino kumutu kwa bwato.

"Elisha, iwe kumbuyo, uwongolere ndi dzanja lako labwinolo, nkhafi uipanire kukhwapa," anatero. "Alamu, inu pambuyo panga penipeni. Chingwe chikandikola, mundigwire m'chiuno, mudule mbali ya kwa mvuu. Osati mbali ya kubwato. Mpeni uja muli nawo?"

"Ndili nawo," anatero Geresomo.

Sananame kwenikweni, koma sananenenso zoona. Lorenso atatembenuka kuyang'ana mvuu, Geresomo anatulutsa wa ku Kilimane nayang'ana chigweru chija, nayang'ananso kunenepa kwa chingwe. Kampeni kofewa chotere kangadule chingwe chimenechi kamodzi n'kamodzi? Moyo wa mwamuna wa mlongo wake anafuna kuuteteza ndi chitsulo chenicheni, chimene chinali chitapha kale munthu iye akuwona. Wa ku Kilimanewo anauponya mwakachetechete m'dengu la nyika kumapazi kwa Elisha, nasomeka wa ku Jeremani m'chiuno.

Analola bwato kuyandama lokha. Palibe ankatsokomola. Mvuu inamira, inatulukanso pafupi moti anamva fungo la mpweya wake, ndipo Lorenso anadzuka thupi lonse n'kuponya. Mkondo unalowa kuseri kwa khutu.

Thawale lonse linaphulika. Mvuu inabangula, inamira, chingwe n'kuyamba kuthamanga chikufuka fumbi pa mlomo wa bwato, kenaka bwato linadumpha n'kuuluka pamadzi, gumbwa akuwakwapula kumaso. Lorenso ankaseka, ankaitukwana mvuu m'Chisena. Mwadzidzidzi chingwe chinalefuka. Nyama ija inali itabwerera. Inatulukira m'mbali mwawo, kukamwa kuli ngati khomo la nkhokwe, inaluma mlomo wa bwato n'kuchotsapo chibenthu, ndipo chingwe cholefukacho chinagwera mozungulirazungulira pamapazi a Lorenso. Iye anakweza mwendo kuti achoke, koma mvuu inali itathawanso.

Chingwe chinamugwira pa kakolo. Anagwa chafufumimba, mwendo uli kale kunja kwa bwato, ndipo Geresomo anamukumbatira m'chiuno ndi mkono wamanzere, mapazi ataponda pa nthiti ya bwato. Kulemera kwa mvuu yonse kunadzera m'thupi la Lorenso kufika pa mkono umenewo.

"Dulani!" anakuwa Lorenso. "Dulani, alamu!"

Geresomo anasolola mpeni ndi dzanja lamanja, naupanira pa ntchafu, nalowetsa chikhadabo mu kamzera kaja. Chikhadabo chinapindika, chinang'ambika, chinachoka chonse. Mpeni sunasunthe. Anauika kukamwa kuti autsegule ndi mano, dzino lakutsogolo n'kuthyoka, magazi n'kudzaza m'kamwa. Kachitsulo ka kumsana kaja, kamene ankakanyadira pabwalo, kanagwira ntchito yake mokhulupirika.

"Gwedezani dzanja basi!" Lorenso analira. "Gwedezani, utseguka!"

Ankayesa kuti mlamu wake wagwira wa ku Kilimane. Geresomo anacheuka. Dengu linali kutali kumbuyo, ndipo Elisha anali atagonera nkhafi ndi chifuwa chonse, poti akanangoisiya bwato likanagubuduka. Kenaka fupa la mwendo wa Lorenso linamveka kuti thyo, ndipo kukuwa kwake kunasanduka kwina.

Geresomo anaganiza kuti mpweya umodzi wokha ukwanira. "Gwirani bwato, alamu! Gwirani zolimba!" Anamusiya, nagwira mpeni ndi manja awiri, nakoka ndi chikhadabo chamanzere.

Kha!

Unalira bwino kuposa masiku onse. Koma pamene Geresomo ankatukula maso, kumutu kwa bwato kunalibe munthu. Kunali chingwe chokha, chitakungika kulowa m'madzi, ndi mikwingwirima ya zala pa mtengo wonyowa.

Anaimirira ndi mpeni wotsegula, wakuthwa, wopanda choti adule. Mbali ya kwa mvuu inali pansi pamadzi pamodzi ndi Lorenso. Kudula mbali ya kubwato kukanangomupereka yense kwa nyamayo. Anakokedwa choncho kudutsa thawale, kulowa m'mfuleni, Geresomo akuitana dzina la mlamu wake mpaka mawu anamuthera.

Mvuu inatopera pa malo osaya, magazi akutuluka m'mphuno. Geresomo anatenga mkondo wachiwiri nalumphira m'madzi ofika m'chiuno. Sanaganize za mano ake. Anaibaya m'diso, anasolola, anaibaya pakhosi, inamukankha ndi mutu nagwa, anadzuka, anaibayanso, ndipo anapitiriza kubaya ngakhale nyamayo itagona cham'mbali osapumanso, mpaka Elisha anamugwira.

Anakoka chingwe awiriwo, wina ndi dzanja limodzi, wina ndi zala zotuluka magazi. Lorenso anatuluka mwendo poyamba. M'kamwa ndi m'maso munali matope okhaokha.

Anamuika pa kachilumba ka migwalangwa, manda ake okumba ndi nkhafi. Geresomo analira ngati mwana, osabisa, ndipo Elisha sanamuletse.

Ntchito inatsalabe. Asodzi ena a m'dambomo anabwera ataona miimba, nathandiza kusenda ndi kuwamba nyama posinthana ndi gawo lawo, namatanso bwato. Apa mpeni wa ku Jeremani unachita zodabwitsa. Unang'amba chikopa cha mvuu, chokhuthala ngati chitseko, osabuntha, asodzi n'kumaupempha kuti augwireko. Mmodzi anafuna kuti amupatse posinthana ndi ukonde wathunthu. Geresomo anangoubweza m'chiuno, ndipo usiku uliwonse wa ulendo wobwerera sanagone tulo.

Kukwera mtsinje ndi bwato lolemera kunawatengera nthawi yaitali. Atatulukira pa doko la kwawo, mudzi wonse unathamangira kumadzi. Amayi a m'mudzimo anayamba nthungululu ataona mulu wa nyama, koma zinazima pang'onopang'ono pamene anthu anawona kuti m'bwato muli amuna awiri.

Otilia sanakuwe. Anaima pa mchenga, Dorika ali kumbuyo, nadikira mchimwene wake kuti atsike. Mwambo unkafuna kuti wosunga mpeni aubweze m'manja mwa mkazi amene anauwona ukuperekedwa. Geresomo anautulutsa m'dengu naupereka ndi manja awiri.

"Chingwe chinamukola," anatero, mawu akutuluka mopepera pa dzino lothyoka. "Ndinamugwira. Kenaka ndinamusiya kuti nditsegule mpeni."

Otilia anayang'ana wa ku Kilimane uja. Anaununkhiza. Mafuta a nsatsi anali akadali pa msomali, ndipo pa chitsulo panalibe ngakhale kaulusi kamodzi ka chingwe.

"Kuti mutsegule mpeni uti, achimwene?"

Geresomo anatulutsa wake. Anthu anaudziwa, amuna ena n'kuyang'ana pansi, poti onse anali atauyamikirapo pabwalo.

Otilia anamasula nsalu, natsitsa mwana, namuika pa mkono wamanzere wa mchimwene wake. Dorika anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anagwira khosi la malume ake ndi timanja tozizira.

"Tsegulani tsopano," anatero Otilia. "Ndione."

Geresomo anapanira mpeni pa ntchafu. Anaika chala chopanda chikhadabo pa kamzera, chilonda n'kutseguka, magazi n'kutsikira pa chitsulo chakuda chija. Anayesanso. Mpeni unakhala chitsekere.

Otilia anagwedeza dzanja kamodzi. Mpeni wa mwamuna wake unatseguka, popanda phokoso lililonse. Anapita nawo kubwato, nadula kachidutswa ka nyama yowamba, movutikira chifukwa cha chigweru chija, natafuna kuti mkaka ubwerere. Misozi inali itayamba tsopano, ikutsikira m'kamwa pamodzi ndi nyamayo.

Geresomo anasendera kuti amubwezere mwana. Otilia anakana ndi mutu.

"Bambo ake palibe, mwatsala ndinu," anatero. "Ameneyo ndiye musadzamusiyenso."

Mpeni wa ku Jeremani unagwera pa mchenga. Palibe anawerama kuti autole, ndipo Geresomo anakwera mtunda atagwira mwanayo ndi manja onse awiri.